Asiyatu, Masiku Obweza Aja Adakwana

Asiyatu mwana wanga,

Ndiye amalume ako a Bwanali akuti ine kalata sindingalembe? Akuti munthu wothawa Sitandade 4 ntchito yake n'kudinda chala basi? Ukawauze kuti pepala loyamba ndi ili, ndipo kusitolo mapepala sanathe. Ine munthu woti ndikangoyang'ana madzi ndimadziwa pamene usipa wasonkhana, ndingagonje ndi a, e, i, o, u? Pita pagombe ufunse kuti siginala ndani kuno ku Chia amene akakhala m'bwato la nyali usipa umachita kumulondola ngati ana amasiye, akutchulira bambo ako. Zilembo zanga zikukhota ngati mapazi a nkhanu, ndikudziwa. Useke pang'ono, koma uwerenge mpaka kumapeto.

Lero panyanja sindipita. Anyamata ndawauza kuti aone okha zochita. Ndakhala pansi pa thandala loyanikapo usipa, bondo ndiye tebulo langa, chifukwa mawa ukukwera basi kupita ku Lilongwe kukaphunzira zauphunzitsi, ndipo kumeneko kulibe ine. Kulibe woti azikakuyang'ana m'mbale. Ndikanatha kukuuza pakamwa, koma umandidziwa, ndikayamba nkhani yolemera lilime limathawira ku nthabwala, iwe n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Papepala pano mwina ndiima njii.

Mawu ndili nawo amodzi okha, ndipo ndiwabwereza mpaka akutopetse. Ukafuna kukana chinthu, kana ndi pakamwa. Usakane ndi mimba.

Ndiyambe ndi ine, kuti usaganize kuti kukana kulikonse n'kwanzeru. Tsiku limene ndidasiya sukulu, aphunzitsi athu adatitulutsa m'kalasi kuti tikawapalirire chinangwa kumunda kwawo. Ine ndidaimirira n'kunena kuti, “Aphunzitsi, khasu kwathu liliko, kuno ndabwerera pensulo.” Mpaka pamenepo ndidali wolondola, ndipo mpaka lero sindidandaula nawo mawu amenewo. Koma anzanga atachita kaphokoso kosangalala, mutu udakula. Ndidawonjezera kuti, “Mukadamapalira nokha, mimba imeneyo bwenzi itaphwa.” Kalasi yonse gwedeee, kuseka. Adatenga ndodo, ine ndidaigwira n'kuithyola, n'kudumphira pawindo. Sukulu idathera pawindopo. Chidandithamangitsa si kukana ayi, ndi mchira umene ndidalumikizako. Choncho ukakana, kana basi, utseke pakamwa, usapake munthu matope. Koma ndikulemba izi ndikudziwa kuti matenda amenewo si ako. Ako ndi a mbali inayo. Ine mawu amatuluka asanapse, iwe amapserera mumphika osaphulidwa. Amenewo udatengera kwa mayi ako.

Mayi ako Patuma udawaona pang'ono, udali usanayambe n'komwe sukulu pamene adatisiya. Anthu amakuuza kuti adali ofatsa, ndipo sanama. Ine ndidawakwatira chifukwa chomwecho. Ndidali kamnyamata kopanda ndevu, ndinkayenda pagombe pano ndikudzitama kuti, “Inu akazi anu amakuyankhani, wanga sayankha.” Chilichonse kwa iwo chinali “chabwino.” Achimwene awo akaitana kokawokera mpunga kudambo, chabwino, ngakhale msana ukuwawa. Anthu akabwera kudzabwereka mphika umene tikufuna kuphikira ife, chabwino. Lole ikabwera kudzatenga amayi kuti akakonzekere magule a msonkhano, chabwino, ali ndi pathupi pakulu, tsiku lonse padzuwa. Za kumeneko sindinena zambiri, ngakhale pepala lili ndi makutu. Koma ndidaona chinthu chimodzi. Tsiku lililonse limene avomera chinthu chimene mtima wawo sukufuna, madzulo ake ankandiikira chakudya n'kunena kuti, “Idyani, ine ndadya kale kukhitchini.” Ine ndinkaseka, n'kumati, “Mwakhuta mkwiyo eti?” Iwo n'kumwetulira, ine n'kumaliza ndi gawo lawo lomwe. Ndinkayesa kuti ndikudya kondowole wanga, osadziwa kuti ndikudya “iyayi” wa mkazi wanga. Pobereka mlongo wako uja, kuchipatala adati magazi ndi ochepa m'thupi. Adapita onse awiri. Chimene chidawatenga akudziwa ndi Mulungu, ine si dokotala. Koma kukhitchini kuja kunalibe mbale yodyera, Asiyatu. Ndikadangodzuka kamodzi kukasuzumira.

Kana ndi pakamwa, mwana wanga. Mimba ikakana, palibe amene amamva. Achimwene awo sadamve, olole aja sadamve, ine wogona nawo nyumba imodzi sindidamve.

Tsopano za dzina lija. Iwe utayamba kukula, thupi lidabwera bwino, masaya kuchita kuwala. Ine ndi kamwa langali ndidayamba kukutcha Kampango. “Kampango, bweretsa madzi!” “Kampango wanga wanona, chaka chino sitigula mafuta!” Ndinkanena pamaso pa anyamata a ukonde, iwo n'kutola dzinalo, mpaka ana a kumadrasa adayamba kukuitana choncho. Iwe unkaseka utaphimba pakamwa ndi chitenje. Ine ndinkati mwana akukondwa. Sudandiuzepo ngakhale kamodzi kuti, “Ababa, dzina limenelo sindilifuna.” Ukadanena, ndikadasiya tsiku lomwelo. Kapena ndiname chifukwa chiyani, mwina ndikadayamba ndasereula kaye sabata imodzi, koma ndikadasiya. Nthabwala imakoma kwa woinena. Amene yamugwera ndiye amadziwa kulemera kwake.

Dzina lomwelo ndi limene lidakopa mkulu wa sitolo uja wa ku Dwangwa, amene ankabwera kudzapikula usipa wouma. Adamva ndikukuitana, adatembenuka, adakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akusankha mbuzi ya Idi, n'kunena kuti, “Ameneyu ndiye mkazi, wathupi lake.” Munthu woti mwana wake woyamba ndi wamkulu kuposa iwe. Sadabwere kwa ine, amadziwa mwambo, adapita kwa amalume ako. Ukukumbuka tsiku lija pakhonde pawo. Adakuitana, udagwada patali, maso pansi.

“Wamva zimene abwerera alendowa?” adafunsa a Bwanali.

“Ndamva, amalume.”

“Nanga ukuti bwanji?”

“Chabwino.”

Mawu a mayi ako enieni, ndi kamvekedwe komwe. Ine ndidali pomwepo, pampando wa kumapeto, malo a mkamwini. M'malo moti tsitsi lindiimirire, ndidaomba m'manja n'kunena kuti, “Basi, ife tiyi wopanda shuga tatsazikana naye!” Anthu adaseka. Iwe udadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba.

Posakhalitsa udalowa mwezi wa Ramazani, tonse tidamanga. Palibe amene amaona zachilendo munthu akapanda kudya mwezi umenewo. Idi idafika, tidapha mbuzi, tidaphika mpunga, mudzi wonse fungo lokhalokha. Patangopita masiku pang'ono ndidakuona usana sukudyanso.

“Kodi Kampango, Idi sidakufike?”

“Ndikubweza masiku, ababa.”

Ndidatseka pakamwa. Iwe unkadziwa kuti nditseka. Mkazi amadumpha masiku ena m'mwezi womanga pa zifukwa za kwa amayi, n'kudzawabweza pambuyo, aliyense amadziwa zimenezo. Koma ndi bambo uti angafunse mwana wake wamkazi kuti, “Unadumpha angati?” Funso limenelo ndi la mayi, ndipo mayi panalibe. Udapeza khomo limodzi lokha m'nyumba mwathu limene ine wolongolola uja sindikadatha kulowa, n'kubisala momwemo. Mwezi udatha, ukubweza. Wina udalowa, ukubwezabe. Dzuwa likalowa unkamasula ndi madzi, zina zonse n'kumati udya kenako. Ndipo ine, tamvera uchitsiru wa bambo ako, ndidapita nazo kumzikiti kukadzitama. Tsiku la Ijumaa titatuluka ndidauza anthu kuti, “Ana anu amamanga mwezi umodzi movutikira, wanga waposa ndi shehe yemwe!” Adandigwira chanza. Ena adati mkulu wa ku Dwangwa wachita mwayi, wapeza mkazi woopa Mulungu. Chitenje chako chikuzungulira thupi kawiri, ine ndikulandira ulemu.

Udagwa pamtondo, ukusinja mpunga. Munsi udakupulumuka, iwe n'kutsatira. Ndidakumangirira kumsana kwanga ndi chitenje kuti usagwe panjinga, ulendo wa kuchipatala ku boma. Adakuyeza malungo, palibe. Likodzo, palibe. Chifuwa, palibe. Ine ndidayamba kale kuganiza za anthu, kuti pali wina wachita nsanje ndi ukwati wa kusitolo. Nesi wina wachikulire adandiyang'ana n'kunena kuti, “Bambo, tatulukani kaye. Funso lililonse ndikafunsa mwanayu mukuyankha ndinu.” Ndidatuluka ndikung'ung'udza. Patapita nthawi adandipeza pansi pa mtengo wa mango.

“Mwana wanu akufuna kukwatiwa?”

“Adavomera yekha, pamaso pa anthu.”

“Sindinafunse zimenezo. Ndati akufuna?”

Kenako nesiyo adandiuza zimene udamuuza iwe ukulira: kuti munthu uja adakonda thupi, ndiye thupilo likatha akusiya yekha, popanda iwe kunyoza amalume, popanda kuchititsa manyazi bambo ako. Adawonjezera kuti, “Poyamba ankachita dala. Pano ngakhale afune kudya, pakhosi pakutseka pokha, akuopa mbale. Amenewa ndi matenda, bambo, si mwano, ndipo amapha. Ndawaonapo ena, ndipo kawirikawiri amakhala ana omwe aja mumawatama kuti ndi omvera.”

Tamva, Asiyatu. Njira imene udasankha ija inali yoti upulumutse aliyense kupatula iwe. Amalume asakwiye, ine ndisachite manyazi, mlendo asanyozeke, iwe wekha ndiye ufe. Usadzawerengerenso choncho. Manyazi anga ndi aang'ono, ndawachitapo ambiri ndipo ndikadali moyo. Mkwiyo wa amalume ako umatha ndi kapu ya tiyi. Manda satha.

Nditabwerako ndidapita kwa shehe, mutu uli pansi, kukafunsa. Adandiuza kuti munthu amabweza masiku amene adadumpha okhawo, akakwana basi, ndipo wodwala samanga n'komwe. Adati thupi ndi chinthu chimene Mulungu adatisungitsa, tidzafunsidwa mmene tidachisungira. Choncho ndikukuuza ine, ndipo wanena ndi shehe: masiku obweza aja adakwana. Adakwana kalekale, ndipo udapitiriza. Palibe tsiku ngakhale limodzi limene Mulungu akukudikira nalo. Ramazani ikakupeza ku Lilongwe uli bwino, manga ndi anzako, umasule ndi anzako, udye daku m'bandakucha ndi anzako. Ukadumpha masiku, uuze mnzako wamkazi kuti ndi angati, awerenge nawe, akakwana akuuze kuti basi. Usadzabisalenso kuseri kwa Mulungu. Iye amakuona komweko.

Za amalume ako udangomva phokoso uli chigonere, lero ndikuuze mmene zidayendera. Ndidawapeza akusoka ukonde.

“Alamu, ukwati uja kulibe.”

“Wanena ndani?”

“Ndanena ine.”

“Inu alamu, mwaiwala malo anu? Inu ndinu mkamwini pano. Mwana ndi wathu.”

“Ndi wanu ndithu, sindikukana. Koma panjinga ndidamunyamula ndine. Kuchoka pano mpaka ku boma sindidapume ngakhale pachitunda, chifukwa kumsana kunalibe kanthu. Ndinkachita kutembenuka kuti ndione ngati akadalipo. Mchemwali wanu tidamuika tonse. Uyu mukamuika nokha.”

Adasiya kusoka. Kenako adati, “Nanga iyeyo osanena bwanji?” Ndidati, “Adamuphunzitsa ndani kunena? Kuyambira ali wamng'ono tonse takhala tikumuuza kuti mwana wabwino sayankha.” Lilime lidayabwa kuti ndiwonjezere kena kake kokhudza dazi lawo, koma ndidakumbuka windo la kusukulu, ndidameza. Usawade amalume ako. Katundu amene mkulu uja adabweretsa pokufunsira adabweza okha, wapansi mpaka pamsewu, ndipo nkhuku zimene unkamwa msuzi wake uchira zidachokera m'khola mwawo. Kungoti iwo ndi ine tidaleredwa kumva “chabwino” n'kukhulupirira.

Tsopano kumene ukupitako. Kukakhala anthu ambiri okutuma. Atsikana akuluakulu a m'chipinda chako akati uwachapire. Wina akabwereka nsapato zako osabweza. Mphunzitsi wina wamwamuna akati ubwere kunyumba kwake madzulo akuthandize maphunziro. Akuluakulu a magalimoto akaima pageti Loweruka. Zilipo zina masiku ano zimene munthu sakana poyera, ukuzidziwa, khadi ya chipani uziyenda nayo ndipo pamsonkhano uziomba m'manja ngati anzako. Sindikukutuma kukamenyana ndi mkuntho. Koma vuto ndi loti munthu ukazolowera kugwada pamene pali poyenera kugwada, umayamba kugwadira ndi nkhuku zomwe. Mnzako wa m'chipinda si boma. Mphunzitsi wokuitana usiku si boma. Mwamuna aliyense wokufuna si boma. Amenewo uwayang'ane kumaso.

Yamba ndi zazing'ono, monga mmene mwana amaphunzirira kupalasa m'madzi osaya. “Iyayi, lero ndatopa.” “Nsapatozo ndikuzifuna.” “Dzina limenelo musanditchule.” Mawu oyamba adzatuluka akunjenjemera, mtima ukugunda ngati ng'oma, udzaganiza kuti dziko likugwa. Siligwa. Munthuyo adzakwinya nkhope, mawa adzakupatsa moni. Ena adzati wayamba mwano. Alekeni anene. Wamwano amafika kwawo ndi miyendo yake, womvera uja tidamunyamula panjinga.

Chakudya cha kumeneko ndamva kuti ndi mgaiwa ndi nyemba, nyembazo zina zili ndi alendo m'kati. Chambo ukachiona kumaloto. Idya chomwecho. Usadye wekha pakona, khala pakati pa anzako. Upeze mmodzi wolongolola ngati ine, woti akaona mbale yako ikadali yodzaza akufunse mosanyengerera. Umuuze zimene zidakuchitikira, usachite nazo manyazi, si iwe woyamba. Ndipo tsiku limene udzaone kuti pakhosi payambanso kutseka, usadikire kugwa. Udzifunse kuti, kodi ndavomera chiyani chimene sindikufuna? Ukachipeza, pita ukachikane, ngakhale papita sabata. Ukalephera, pita kwa nesi wa pamenepo. Ukalepheranso, lembera ine mawu awiri okha, “Ababa bwerani,” ndidzasiya nyali ikuyaka panyanja.

Ndipo usaganize kuti ukachepa thupi anthu adzakusiya. Anthu ovuta sasiya munthu chifukwa waonda, amangopeza kuti wapepuka kunyamula. Chimene chimaimitsa munthu ndi mawu. Kana ndi pakamwa, Asiyatu, mimba uisiye igwire ntchito yake.

Apa ndinaima kaye kulemba, chala chinachita dzanzi. Ndinapita kunyumba kukamwa madzi, iwe unali kwa anzako kotsazika. Pa alumali ndinaona mbale yovundikira. Ndinavundukula. Chambo chija ndakugulira m'mawa kuti utsazikane nacho, waphika bwinobwino, wandiikira ine, iwe n'kunena kuti udya ukamaliza kulongedza. Chili momwemo, Asiyatu, sunachikhudze ndi pamchira pomwe. Dzulonso ndikakumbuka bwino unati wadya kwa anzako.

Ndabwerera pansi pa thandala. Ndawerenga zonse ndalembazi, malangizo mapepala onsewa, ndipo ndaona chimene sindinachione. Ukwati uja adakana ndine, si iwe. Utachira, amene adapita kwa ahedi a sukulu yako yakale kukafunsa za malo a uphunzitsi ndine. Malo atapezeka ndidabwera ndikufuula kuyambira kumsewu kuti, “Mwana wanga akukakhala mphunzitsi, a Bwanali amve!” Ndidauza gombe lonse, ndidauza mzikiti wonse, ndidagula sutikesi. Iwe ndidakuuza pomaliza, uli pakati pa anthu okuyamikira, ndipo udayankha ndi liwu lija. Ine ndidakondwa nalo. Sindidakukhazike pansi ngakhale kamodzi n'kukufunsa kuti, kodi iweyo ukufuna chiyani? Ndidakuchotsa m'manja mwa amalume ako n'kukuika m'manja mwanga, n'kumadzitcha mpulumutsi. Mwina uphunzitsiwo ndikuufuna ndine, amene ndidathyola ndodo ya mphunzitsi. Zina zonse ndingadzikanire kuti ndidali mwana, sindinkadziwa. Ichi chokha ndachita ndikudziwa, nesi atandiuza kale. Ndalakwa, mwana wanga.

Choncho kalatayi sudzaiwerengera m'basi. Ndikupatsa lero lomwe ukangobwera, dzuwa likadalipo. Mwina mbale ija yatsala chifukwa cha mantha a ulendo chabe, mwina ukufunadi kupita. Ngati ndi choncho undiuze ndi pakamwa pako kuti, “Ababa, ndikufuna kupita,” ndikakukweza basi ndikuvina, anthu aseke. Ngati sukufuna, undiuze kuti, “Sindipita.” Sutikesi tidzasungiramo mpunga. Pagombe adzandiseka mwezi wathunthu, amalume ako chaka chonse, ndipo ine ndidzaseka nawo, chifukwa iwe udzakhala uli moyo. Ngati sukudziwa, unene kuti sukudziwa, basi si imodzi padziko pano. Liwu limodzi lokha ndi limene sindilandira, lija la pakhonde pa amalume ako.

Ndikhala pakhonde pathu. Ubwere ndi mbale ija, tidzagawane, iwe uzilankhula. Ine ndidzakhala chete mpaka umalize. Sindinayambe ndayesapo, ndiye ukaona ndikutsegula pakamwa undiuze kuti, “Ababa, khalani chete.” Uyambire pamenepo.

Ndine bambo ako,
Saidi